Ng'ombe Yanga Yofiira Anaidya Pangongole

Anandilanda ng'ombe imodzi mwa ziwiri zomwe ndinali nazo, yofiira, ya zaka zitatu, yomwe ndinkafuna kuti izikhala kudzanja lamanja pa goli. Sanachite kuiba. Ndinaikusa ndekha mpaka pakhomo pake, ndinamupatsa chingwe m'manja, ndipo pochoka ndinathokoza.

Sukulu ndinalekera Fomu 2. Bambo atamwalira fizi inasowa, koma ngakhale ikanapezeka sindikhulupirira kuti ndikanapitiriza. Ndinali nditatopa ndi kugwada pamiyala chifukwa chochedwa, chonsecho ndinkachedwa chifukwa choyamba ndathirira kudimba. Bambo anasiya munda wa maekala awiri, wailesi yakufa ndi ngolo. Ng'ombe zawo zinathera pamaliro pomwepo, ina kudyedwa, ina kugulitsidwa kuti pakhale bokosi. Ngoloyo inangokhala kuseri kwa nkhokwe, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira.

Kwathu kuno, kuchokera ku Nsaru mpaka ku Kabudula, munthu wa ngolo sasowa ntchito. Mabelo a fodya afike pamsewu, chimanga chichoke kumunda, njerwa, mchenga, manyowa, mwinanso wodwala wopita kuchipatala mvula ikawononga njira. Zimenezi ndinaziona kalekale. Zaka zitatu ndinalima mtedza ndi soya, chilimwe n'kumaumba njerwa za anthu, osagula foni, osagula nsapato, anzanga akundiseka kuti ndikuvala ngati munthu wogona pamsika. Ndinagula tiana ta ng'ombe tiwiri, kofiira ndi kakuda. Alangizi a ziweto anabwera kudzazifula. Ndinkazidyetsa madeya ndi mapesi, ndi kuzichotsa nkhupakupa ndi zala zanga. Yofiira ija inkabwera yokha ndikaimba mluzu.

Chomwe sindinkadziwa ndi kuphunzitsa ng'ombe kukoka ngolo. Ndinayesera kamodzi. Yakuda inathawa ndi chingwe n'kundikwekweza m'minga mpaka kumunda kwa aneba. Ndinapita kwa amalume, achimwene awo a amayi, omwe ali ndi ng'ombe zawo ziwiri zokalamba.

"Dikira tikolole," anatero amalume. "Tidzamangirira yako imodzi pambali pa yanga. Iyambe ndi kukoka chipika, kenaka ngolo yopanda kanthu. Ikaona mnzake sakuchita mantha, nayo imafatsa. Miyezi itatu zikhala zitadziwa."

"Miyezi itatu fodya yense adzakhala atapita kale."

"Apite. Chaka chamawa kulibe fodya?"

Ndinachoka osatsanzika. Unali mwezi wa Marichi, fodya ali m'zigafa, ndipo ine ndinkafuna ndalama za chaka chomwecho.

Tsiku la msika ku Nsaru ndinafunsa kumene amagulitsira ng'ombe ngati alipo munthu wophunzitsa ng'ombe mwachangu. Wogulitsa zingwe anandilozera bambo wina wamfupi, wa zaka ngati makumi asanu, atakoleka pakhosi chikwapu cha lamba wa chigayo. Anthu onse ankangomutchula kuti aphunzitsi. Analibe ng'ombe zakezake. Anali ndi ngolo, goli ndi chikwapucho, ndipo ankakhalira kuphunzitsa ng'ombe za anthu.

"Zaka zingati?" anandifunsa.

"Zitatu."

"Zofula?"

"Zofula."

"Masabata asanu ndi limodzi basi. Ukadzazitenga zidzakhala zikumva ngati ana a Sande sukulu. Ukati ima, zaima. Ukati bwerera, zabwerera. Mkazi wako sadzakumvera choncho."

"Ndilibe mkazi."

"Ndaona. Malaya akewo."

Wogulitsa zingwe anaseka, inenso ndinaseka. Mtengo anati K60,000. Ndinamuuza kuti ndalama yomwe ndinali nayo inali ya matayala a ngolo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Chabwino mphwanga, ndikuthandize poti ndiwe mwana wamasiye. Usandipatse ngakhale tambala. Ng'ombe zikhala kwanga masabata asanu ndi limodzi, ziziphunzirira pantchito. Chilichonse chotuluka mu ng'ombezo masiku amenewo ndi changa. Akatha masabatawo, tenga katundu wako."

Tinagwirana chanza wogulitsa zingwe akuona. Panjira ndinkadziona ngati wochenjera wa dera lonse. Ndinali ndisanalembepo munthu ntchito chibadwire, nthawi zonse wolembedwa ndinali ine, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinapeza wantchito waulere. Nditawafotokozera amayi, anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga iyeyo azidya chiyani?"

"Za maganyu a ng'ombezo."

"Ndiye kuti zikapuma iye sadya, eti?"

Ndinawauza kuti za ng'ombe sazidziwa.

Mudzi wa aphunzitsi uli tsidya la dambo, ulendo wa ola limodzi panjinga. Ndinakusa ng'ombe zanga Lolemba m'mawa. Tisanakhale n'komwe pansi anati tiyambe ndi mphuno. Tinamangirira yofiira mutu pamtengo wa mango, nyanga zitakanikizidwa kuthunthu. Anatenga sipoko ya njinga yosongola, n'kuiotcha pamoto mpaka kufiira. Ine ndinagwira chingwe. Atailowetsa pakati pa mphuno panamveka kafungo ka nyama yopsa, ng'ombe inalira kulira komwe ndinali ndisanakumvepo, n'kudzikodzera. Magazi anandigwera paphazi. Anapisa kachingwe ka nayiloni pabowolo, n'kukamanga kuseri kwa nyanga. Yakuda anaichitanso chimodzimodzi. Izi sizinandidabwitse, ng'ombe zambiri za ngolo zimabooledwa mphuno. Koma zinanso zomwe ndinayenera kufunsa sindinafunse: chipika chili kuti, ng'ombe yozolowera yoti iziphunzitsa zinzake ili kuti. Pakhomopo panalibe chipika ngakhale chimodzi. Panali ngolo yaikulu ya matabwa owonjezera m'mbali, ndi mafosholo awiri.

Ndinabwererako patatha masabata awiri, nditanyamula thumba la madeya. Mkazi wa aphunzitsi anati amuna ake ali kumtsinje. Ndinawapeza panjira yochokera kudambo, ngolo itadzaza mchenga wonyowa mpaka pamwamba pa matabwa aja. Munthu wina ankamanga sitolo pamsika waung'ono wa kumeneko, ndipo aphunzitsi anatenga ntchito yonse ya mchenga. Anandiuza yekha, monyadira, kuti akupanga maulendo asanu patsiku.

Yofiira inali itagona pansi goli lili pakhosi. Yakuda inaima chopendekeka, khosi litapindika, malovu akutuluka. Pamalo pokhala goli ng'ombe zonse zinali ndi zilonda zofiira, ntchentche zili ng'waa.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero. "Uone ulesi wa ng'ombe yako. Unkaidyetsa phala kodi?"

Anaipinda mchira mpaka ndinamva kuthetheka. Sinadzuke. Anatapa matope n'kuimata m'mphuno kuti ibanike. Inapukusa mutu, n'kumina, koma sinadzuke. Kenaka anazula udzu wouma padenga la kachisakasa ka m'dimba, n'kuuika pafupi ndi ntchafu yake, n'kutulutsa machesi.

"Madala, motowo ayi," ndinatero.

"Ukufuna ng'ombe ya ngolo kapena ya chithunzi?"

"Zilondazo bwanji?"

"Khosi limakhwima ndi zilonda. Manja akowo anakhwima ndi chiyani?" Anabweza machesi m'thumba n'kundipatsa chikwapu. "Chabwino, menya ndiwe. Idziwe mwini wake. Ukaimvera chisoni lero, idzakugonera pakati pa msewu uli ndi mabelo a anthu."

Ndinamenya. Apa sindinamizira munthu. Ndinaimenya kumsana, m'nthiti, kumaso, ng'ombe yomwe ndinkaichotsa nkhupakupa ndi zala. Lamba wa chigayo amang'amba chikopa. Nditafika mwina kakhumi inadzuka, miyendo ikunjenjemera, ngolo n'kuyamba kuyenda. Aphunzitsi anandimenya paphewa n'kunena kuti ndili ndi dzanja labwino. Ndinakondwera nawo mawu amenewo. Kumudzi ndinakawauza amalume kuti ng'ombe zomwe ankati miyezi itatu zikukoka kale ngolo yodzaza mchenga.

"Pakhosi pali bwanji?" anafunsa.

"Pali bwino."

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusoka thumba lawo.

Sabata yachinayi, Loweruka, ndinanyamukanso ndi madeya ndi mchere. Dzuwa linali litakwera. Nditawoloka dambo ndinayamba kukumana ndi anthu atanyamula nyama, wina m'jumbo, wina m'beseni atavundikira masamba a nthochi, wina atangoitunga kukamtengo. Sinali nyengo yoti anthu a m'midzi n'kumadya nyama chonchi, fodya asanagulitse. Ndinaimitsa mayi wina.

"Mayi, kwagwa chiyani?"

"Ng'ombe, kwa aphunzitsi. Fulumirani, akupereka pangongole, kulipira fodya akatuluka."

"Ng'ombe yotani?"

"Ife tangoona nyama."

Ndinapalasa njinga thumba la madeya n'kugwa, sindinalitole.

Choyamba kuona chinali chikopa. Anachitambasula pansi pabwalo, atachikhomera ndi tizikhomo m'mbali, ubweya uli pansi, koma kumchira chinapindika ndipo ndinaona kufiirako. Mutu unali palata lakale pafupi ndi mtengo wa mango uja, kachingwe ka nayiloni kakadali m'mphuno, diso limodzi lili chotsegula. Nyama yotsala inali pamasamba, amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ataizungulira. Mkazi wa aphunzitsi anakhala pampando ndi kope la ana asukulu, akulemba maina a otenga nyama. Yakuda inali m'khola, itaima pakona, ikuyang'ana kumbali.

Aphunzitsi anali chonjuta pamoto, manja ali magazi mpaka m'zigongono, akuotcha chiwindi.

"Wafika, mphwanga. Ndimati ndikutumizire uthenga. Khala pansi, ulaweko."

"Ng'ombe yanga yatani?"

"Ngozi. Dzulo masana potuluka mumtsinje, mwendo wakutsogolo unalowa m'matope, ngolo n'kubwerera m'mbuyo. Fupa linatulukira panja. Palibe akanaichiza. Ndaizinga m'mawa uno isanafe yokha. Ikanafa yokha ndani akanagula? Undithokoze."

"Dzulo masana. Nambala ya amalume muli nayo."

"Mayunitsi, mphwanga."

"Panjinga ndi ola limodzi."

"Ndiye ndisiye ng'ombe ikuvutika ndizikayenda panjinga?"

Amuna aja anasiya kusankha nyama. Ine mpaka pamenepo manja anga anali m'thumba. Ndinafunsa kuti munali mchenga wochuluka bwanji m'ngolomo. Anati wa masiku onse. Ndinafunsa kuti unali ulendo wachingati. Anati sankawerenga. Kenaka ndinaloza kope lija.

"Ndalama za nyamayi mundipatsa liti?"

Anatembenuza chiwindi chija ndi mpeni, osandiyang'ana.

"Za nyama? Tinapangana chiyani ku Nsaru? Chilichonse chotuluka mu ng'ombezi masabata asanu ndi limodzi ndi changa. Ino ndi sabata yachinayi. Mutu ndi chikopa tenga, sindine munthu woipa."

Wina mwa amuna aja anaseka pang'ono.

Goli linali litatsamira pangolo. Pa goli pamakhala zikeyi, timitengo tolimba tomwe timatsika mbali zonse za khosi la ng'ombe. Ndinasolola chimodzi. Chinali ndi ubweya wofiira womatirira ndi mafinya. Aphunzitsi anaona, anakweza dzanja lomwe linali ndi mpeni, sindikudziwa ngati ankafuna kundibaya kapena kudziteteza. Ndinamenya mkonowo pakati pa chigongono ndi dzanja. Unalira ngati nzimbe. Mpeni unagwera pamoto. Kachiwiri ndinamenya pakamwa. Anagwa chagada, ndinamukhalira pamimba n'kupitiriza, m'mapewa, m'nthiti, m'mutu. Ankayesa kulankhula koma mkamwa munali magazi okhaokha. Sindinkakuwa, sindinkatukwana. Ndinkangomenya ngati ndikuphwanya zibuma.

Chomwe chinandichotsapo ndi munsi. Mkazi wake anandimenya nawo pamsana, mpweya n'kundithera. Ndisanadzuke amuna aja anali pa ine. Zibakera sindinazimve kwambiri, koma wina anali ndi nsapato za jombo ndipo ankasankha m'nthiti. Anandimanga manja kumbuyo ndi chingwe chomwe ndinabweretsera ng'ombe zanga. Anthu anayamba kuthamangira kuchokera m'makomo ena. Obwera mochedwa anangoona chikopa, nyama, magazi ndi mnyamata wachilendo womangidwa. Wina anati wakuba ng'ombe wagwidwa. Mawuwo anayenda msanga. Mwala unandipeza pamwamba pa diso. Ndinamva wina akufunsa ngati pali amene ali ndi petulo m'njinga yamoto, wina n'kumagubuduza tayala lakale la ngolo. Kuno wakuba ng'ombe safika kupolisi, aliyense amadziwa.

Anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, yemwe naye anabwera kudzatenga nyama. Anaima pakati, jumbo yake ya nyama ili m'manja.

"Mukufuna kuotcha ndani? Ng'ombe mukudyayi mwini wake ndi ameneyu."

"Wapha munthu."

"Sanafe, akupuma uyo. Mutengereni kuchipatala. Uyu apite kupolisi ndi miyendo yake. Amene ayatse moto pano dzina lake ndikalitchula ndine."

Aphunzitsi anawanyamula pamphasa n'kuwagoneka m'ngolo yawo ija, mchenga ukadali m'makona. Ng'ombe yokoka inasowa. Anabwereka imodzi kwa aneba, n'kutulutsa yakuda yanga m'khola, n'kuiika goli pazilonda pomwepo. Ine anandimangirira kumbuyo kwa ngolo. Tinayenda choncho mpaka ku Kabudula, diso limodzi litatsekeka ndi magazi, ana akutitsatira. Aka kanali koyamba kuona ng'ombe yanga ikukoka ngolo pamsewu waukulu, ndipo inkakoka bwino.

Ndinakhala m'chitokosi masiku atatu. Ndinkakodza magazi. Amalume anabwera tsiku lachiwiri ndi mbatata yophika. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Mkono wathyoka pawiri, mano atatu apita. Akafuna kupita nazo kukhoti, ukagwira ukaidi. Ndikukakamba ndi abale ake. Iwe ukatuluka pakamwa pako pakhale potseka."

Abale a aphunzitsi anavomera kuti nkhani ikathere kumudzi, chifukwa nawonso ankadziwa kuti kukhoti kukafunsidwa za ng'ombe. Tinakumana patatha sabata ziwiri pabwalo la tchalitchi cha kwawoko. Wotsogolera zokambiranazo anali wapampando wa apolisi a m'mudzi. Aphunzitsi anabwera mkono uli m'chikhakha, milomo yotupa. Anaitanitsanso wogulitsa zingwe uja kuti achitire umboni.

"Mawu anali otani?" anafunsa wapampando.

"Anati chilichonse chotuluka mu ng'ombezo masabata asanu ndi limodzi ndi cha aphunzitsi. Mnyamatayu anavomera. Anasekanso."

"Mwamva," anatero mchimwene wake wa aphunzitsi. "Nyama yatuluka kuti? Si mu ng'ombe?"

Ndinayamba kudzuka. Amalume anandiponda phazi.

"Bambo," anatero amalume, "ine ndikakusungitsani nkhuku n'kunena kuti mazira muzidya, mubwera kudzandipatsa nthenga?"

Anthu anaseka, ngakhale a mbali yawo. Mchimwene uja anati nkhuku ndi ng'ombe ndi zosiyana. Amalume anafunsa aphunzitsi kuti ng'ombe ya zaka zitatu, yosakwana mwezi pa goli, amaisenzetsa mchenga wonyowa maulendo angati patsiku. Aphunzitsi anayankha movutika chifukwa cha mano.

"Mwini wake anaona. Anabwera, anaona katundu, anaona zilonda. Anatenga chikwapu n'kumenya yekha. Mufunseni."

Onse anatembenukira kwa ine. Amalume nawonso.

"N'zoona?" anafunsa wapampando.

"N'zoona."

Amalume anachotsa phazi lawo pa langa. Kuyambira pamenepo sanalankhulenso mwamphamvu.

Chigamulo chinali chotere. Ng'ombe anaiika pa K520,000. Anachotsapo K120,000 ya mkono, mano ndi miyezi yomwe aphunzitsi akhale osagwira ntchito. Pa zotsalazo, anati kope la nyama lija alipereke kwa ine, ndizikatolera ndekha, ndipo zimenezo aziwerengera ngati K150,000 yolipidwa. Zinazo aphunzitsi adzapereka fodya wa mkazi wawo akagulitsidwa. Anawonjezera kuti ine ndisadzapondenso pakhomo pa aphunzitsi. Ndikafuna kukumbutsa, ndizituma amalume.

Ndinati kopelo sindikulifuna, amene anakongoza nyama ndi amene akatolere. Wapampando anati munthu wa mkono umodzi angayende bwanji m'makomo. Amalume anandinong'oneza kuti ndisankhe, kope kapena ndende. Ndinatenga kope.

Munali maina makumi anayi ndi awiri. Ena theka la kilo, ena makilo awiri, wina mwendo wathunthu. Fodya atayamba kutuluka ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo m'mudzi womwe unkafuna kundiotcha. Ndinkaodira mwaulemu, chipewa m'manja.

"Ife tinatenga kwa aphunzitsi, inu sitikudziwani."

"Nyama yake inali yowawa, ya ng'ombe yomenyedwa. Ana anatsegula nayo m'mimba."

"Abambo kulibe, apita kuokushoni kukagulitsa fodya."

"Palembedwa makilo awiri? Inali kilo imodzi, mafupa okhaokha."

Khomo lina ndinapeza jombo zija zili pakhonde, zotsukidwa bwino. Mwini wake anatuluka, tinayang'anana. Dzina lake linali m'kope, makilo atatu. Anati alibe. Ndinayang'ana pansi pomwe panali mpini wa khasu, iyenso anayang'ana pomwepo. Ndinakumbukira chitokosi, ndinakwera njinga yanga. Mkulu wa mpingo uja yekha ndi amene analipira ndisanamalize kulankhula, n'kundipatsanso madzi akumwa. Nditayenda miyezi iwiri, matayala a njinga atatha, ndinatolera K64,000. Kopelo ndikadali nalo. Masamba ake akununkhabe mafuta a nyama.

Yakuda ndinakaitenga kwa aneba a aphunzitsi. Zilonda za pakhosi zinali ndi mphutsi. Amayi ankazitsuka ndi madzi a mchere ine nditagwira mutu. Zinapola, koma mpaka lero munthu akadutsa ndi chingwe kapena lamba m'manja imanjenjemera thupi lonse. Ndikaimba mluzu imapita kukona ya khola. Amalume amaimangirira pambali pa yawo yokalamba masiku omwe ngolo yawo ilibe ntchito, ndipo zomwe tapeza timagawana pakati. Masiku otero sachuluka. Ngolo ya bambo ndinaigulira matayala aja, koma ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Chaka chimenecho mabelo a m'mudzi mwathu ananyamula ndi anthu ena, ine ndikuumba njerwa.

Pali anthu amandiuza kuti ndinalakwa kumenya munthu wamkulu. Ndimawayankha kuti inde. Pali ena amati ndikanamumaliza. Amenewo sindiwayankha. Chomwe chimandivutitsa mumtima si nkhope ya aphunzitsi ayi, koma tsiku la panjira ya kudambo lija. Ndinali ndi maso, ndinaona khosi, ndinaona mchenga. Ndikanamasula goli tsiku lomwelo n'kubwerera nazo kwathu, palibe akanandiletsa, ng'ombe zinali zanga. Amayi anaziona ali pakhomo osapitako n'komwe. Munthu yemwe ndinamulemba ntchito ndinamuuza ndekha kuti malipiro ake ali pamsana pa ng'ombe zanga, ndiye anakawatenga pomwepo.

Fodya wa mkazi wake anagulitsidwa. Amalume anapitako koyamba, anauzidwa kuti ndalama sizinalowe. Kachiwiri anabwera ndi K40,000 ndi uthenga woti mkono ukumapweteka kukazizira. Kachitatu anapeza pakhomo potseka. Kachinayi anakana kupita.

"Ndakalamba, mphwanga. Njinga imandipweteka mawondo. Ndipo anthu aja akandiona amayamba kuloza pakamwa pa m'bale wawo."

"Ndiye ndipite ndekha."

"Ukaponda pakhomo paja, pangano latha, mlandu wa mkono uyambiranso. Ukudziwa."

Ndikudziwa. Aphunzitsi ndimakumana nawo ku Nsaru tsiku la msika, kumene amagulitsira ng'ombe. Mkono unapola mokhota, chikwapu amagwirira kumanzere tsopano. Pamsika si pakhomo pake, choncho mwezi wathawu ndinamuimika pakati pa anthu.

"Madala, ndalama zanga."

"Mphwanga, wanenepa. Amayi ali bwanji?"

"Ndalama zanga."

"Zikubwera. Soya akangotuluka." Anatsegula pakamwa n'kundionetsa mpata wa mano aja. "Iwe ako onse alipo, eti? Uzidya nyama. Ine ndimangomwa msuzi."

Anthu anaseka. Manja anga ndinawasunga m'thumba mpaka anapita.

Tsiku lomwelo ndinafunsa mtengo wa mwana wa ng'ombe wongosiya kuyamwa. Mitengo inakwera kawiri kuchokera chaka chija. Ngakhale atandipatsa zonse mawa m'mawa, sizingakwane kugula kamwana koti ndidikirenso zaka ziwiri kuti kafike pa goli. Koma ndikuzifunabe. Pamodzi ndi za m'kope zomwe sindinatolere, ndi K296,000.